Dzina la Mkazi Wanga Linatsala ku Siteshoni

Mkazi wanga anali mlangizi wa maukwati ku Chawama kuno asanalowe mu TV. Pakamwa ndiye anapatsidwa! Tsiku lina pa kicheni pate, phwando lolangiza mkwatibwi, ku Matero anaseketsa azimayi mpaka misozi, ndipo mmodzi mwa iwo ankagwira ntchito pa kasiteshoni kena ka TV m'tauni. Basi, pulogalamu inayamba choncho. Atamufunsa kuti aitche chiyani, anangotchula mmene tonse timamuitanira: Amake Mapasa.

Dzinali si lamasewera. Tinabereka mapasa, mtsikana ndi mnyamata, koma mnyamatayo anatisiya asanayambe n'kukwawa komwe. Anthu sanasinthe kaitanidwe, ifenso sitinafune. Mkazi wanga amati munthu akamuitana choncho, ndiye kuti wawerenga ana onse awiri.

Pulogalamu inatchuka, inenso n'kutchukira momwemo pa shopu yanga yowotcherera mageti. Amuna ankabwera ngati akufuna geti, kenako n'kundinong'oneza kuti, "Batate ba mapasa, uzani ba madamu asiye kuulula vinthu vathu pa TV." Ndinkangoti ndamva. Akanadziwa kuti mwamuna waulesi wa m'zitsanzo zakezo ndine!

Zinavuta pamene a siteshoni anasamutsira pulogalamu Lamlungu m'mawa. Munthu wa kwaya ajombe kutchalitchi? Anakana, ndipo siteshoni ina inamuitana. Potsanzika, bwana wake anamwetulira n'kunena kuti, "Muyende bwino bamayi, koma dzina ni ya kampani. Tinalembetsa ku boma."

Ine ndinapsa mtima zedi. Kodi kuchipatala kuja kampaniyo inaliko? Nanga inenso, atate a mapasa, anandilembetsa? Tinapita kwa loya wina wa kutchalitchi kwathu, nayenso anapukusa mutu. Anati pa TV ina mkazi wanga sangadzitchule choncho, ndipo dzinalo lisalembedwe pa kanema.

Posakhalitsa tinaona Amake Mapasa watsopano pa siteshoni yakale ija, kamtsikana ka zikhadabo zazitali, kopanda ndi mwana yemwe, kakulangiza azimayi kakomedwe ka banja. Tinaseka nyumba yonse mpaka nthiti kuwawa. Mkazi wanga anaseka nafe, koma tsiku limenelo sanadye.

Ku siteshoni yatsopano anati agwiritse ntchito dzina lake lobadwa nalo. Iye anati, "Ine mayi mukulu, bana ba mu komboni bazinitana monga munzawo? Awe." Choncho analowa wopanda dzina.

Loweruka loyamba masana, anansi anadzaza pabalaza pathu, mwamwayi magetsi analipo. Mkazi wanga anaoneka pa TV atavala chitenje chake chobiriwira n'kunena kuti, "Muli bwanji kunyumba? Ndine... ndine nemwe uja." Kunena zoona mtima unandiwawa, ndinayang'ana pansi.

Kenako anatsegula mafoni. Woyamba kuimba anali mayi wina wa ku Kanyama, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la pamsika.

"Halo? Amake Mapasa, ndimwe? Mayo ine, takusakilani maningi!"

Pabalaza panabuka nthungululu. Lamulo lija linamanga pakamwa pa mkazi wanga, koma za pakamwa pa anthu oimba foni silinanene kanthu.

Mkazi wanga anagwira kukhutu. "Netiweki ivuta, amama. Mwati mufuna ndani?"

Bodza lenileni! Ife kunyumba tinali titamva bwinobwino. Mayi uja anakuwa dzinalo mwamphamvu, ndipo mkazi wanga anatsinzina, n'kumupempha kuti abwerezenso.