Dzanja Lozizira la Mayi Rakele Nambewe

Mayi Rakele Nambewe, amene tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali, sanali munthu wolimba mtima. Wofuna kumva zoti anali ngwazi akafunse aja anayankhula pamaliro, amene sankawapatsa ngakhale moni ali moyo. Mayiwa ankaopa mphenzi, ankaopa agalu, ankaopa aliyense wovala nsapato. Ntchito imene Mulungu anawapatsa anaigwira akunjenjemera chomwecho.

Anabadwira ku Nachisaka m'chaka cha 1931, nabatizidwa ali ndi zaka khumi. Kusukulu anapitako masabata atatu okha, chifukwa amalume awo anati mtsikana wodziwa kulemba amalembera amuna makalata. A Andireya a ku Kasakula anawakwatira nawatenga chitengwa kubwera nawo kumapiri kuno. Ana anabereka atatu, ndipo onse anamwalira asanayambe kuyenda, onse ndi kutsegula m'mimba. Masiku amenewo mwana akamatsegula ankamumana madzi, ati kuti m'mimba muume. A Andireya anapita ku Joni, anabwerako ndi chifuwa, ndipo mu 1974 anamwalira. ANambewe anatsala okha, mkazi wamasiye wopanda mwana m'mudzi wa eni ake. Aliyense kuno akudziwa dzina limene munthu wotere amapatsidwa mwana wa mnzake akadwala.

Anapeza ntchito yokolopa pa kachipatala kathu. Ankachapa nsalu za odwala, kutaya zonyansa, ndi kupemphera kolona ndi amene abale awo anawathawa. Munthu akawafunsa za matenda ankayankha kuti, “Ine ndine wa chikolopa. Zanzeru akudziwa ndi eni ake.”

Matipate atabwera tinauzidwa kuti zonse zikoma. Chimene tinaona ndi nsalu za nkhope za andale, ndi achinyamata osaopa kanthu. Dzinja la 1996 kutsegula m'mimba kunalowa m'midzi, ndipo timapaketi tobwezeretsa madzi m'thupi tinatha. Anesi athu nthawi imeneyo anali a Mirriam, mtsikana wokulira m'tauni, wakhama ndithu. Tsiku la sikelo ankaima pakhonde ndi botolo m'manja.

“Madzi owiritsa odzaza botolo ili, shuga kadzanja kamodzi, mchere wotapa ndi zala zitatu. Muzimumwetsa mwana pang'onopang'ono. Mwamva, amayi?”

“Tamva, anesi!” onse ankayankha, ena n'kuwomba m'manja.

Patapita masiku awiri ana omwewo ankabwera maso atalowa m'kati, liwombo litaphwa. Anesi ankalira ndi ukali: “Kodi anthu akuno ndiziwayankhula chinenero chanji?”

ANambewe ankakolopa, mutu uli pansi. Chifukwa chake ankachidziwa. Kuno kwathu mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna wosadziwika mayendedwe ake, sathira mchere. Amati ndi wotentha, ndipo akathira amudula mwana: atupa miyendo, afa. Koma nkhani yotere ukaiyamba bwanji kwa mtsikana wosakwatiwa, wovala zoyera? Komanso akatekisi a Obadiya anali atalengeza m'tchalitchi kuti wokhulupirira za mdulo aimitsidwa masakramenti. Choncho aNambewe anakhala chete masabata awiri, ndipo m'masabata awiri amenewo tinakumba timanda tinayi. Zimenezi anakalapa kwa abambo mfumu, ndipo mpaka imfa yawo sanadzikhululukire.

Lolemba lina m'mawa anapeza Elube, mayi wachitsikana wa ku Msakambewa, atakhala kuseri kwa chipatala ndi mwana wake Mphatso, wa miyezi isanu ndi inayi. Kamwanako kanali katasiya ngakhale kulira. Kapu imene anesi anamukonzera inali pansi, yodzaza.

“Iwe, bwanji sukumumwetsa?”

“Agogo, muli mchere umu. Bambo ake abwera dzana kuchokera ku esiteti ya fodya. Dzanja langa n'lotentha.”

“Koma wathira si iwe, athira ndi anesi.”

“Nanga anesiwo tidziwa bwanji kumene agona?”

ANambewe anayang'ana dzanja lawo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri chimwalirire amuna awo, kumwezi anasiya kalekale. M'boma lonse la Ntchisi mwina munalibe dzanja lozizira kuposa limenelo. Koma anadziwanso kuti mwana ameneyu anali kale pakhomo pa imfa, ndipo akafa atamwa za m'manja mwawo, palibe adzanene za kutsegula m'mimba. Anaganiza zobwerera ku chikolopa chawo. Kenaka anataya madzi a m'kapumo, anatenga ena owiritsa, anachita chizindikiro cha mtanda, natapa mchere Elube akuona.

Ali mkati momumwetsa anafika Nowa, bambo wa mwanayo, ataledzera pang'ono.

“Mukumupatsa chiyani mwana wanga, gogo inu? Anu atatu aja sanakukwanireni?”

ANambewe anatapanso ndi supuni. “Ndi madzi, bambo. Madzi, shuga ndi mchere.”

“Akafa ameneyu, nyumba yanu ija ndi yaudzu. Masiku ano kuli ufulu.”

Nowa anakhala pamwala chapatali n'kumawayang'ana. ANambewe sanadzuke. Supuni imodzi, Tikuoneni Maria mmodzi, supuni ina. Mwana anasanza, iwo anadikira pang'ono, anayambiranso. Dzuwa linafika paliwombo, linapendeka, thukuta likuyenderera kumsana kwawo. Chakumadzulo anamva kutentha pamiyendo. Mphatso anali atawakodzera pachitenje, kenaka analira mokweza. Nowa ananyamuka n'kumapita. Munthu ameneyu mpaka lero sanapepese.

Tsiku lomwelo aNambewe anagwada pakhomo pa ofesi, nauza anesi zonse, maso ali pansi. A Mirriam anati, “Ndiye nthawi yonseyi akamati tamva, amatanthauza chiyani?”

“Amatanthauza kuti akukulemekezani, mwana wanga.”

Kuyambira pamenepo anesi anasiya kufunsa kuti mwamva. Ankaitana mayi aliyense payekha, aNambewe ali pambali, n'kumufunsa kuti, “Kunyumba akathire mchere ndani?” Amene analibe womuthirira ankabwera kwa aNambewe, kuchipatala kapena kunyumba kwawo.

A Obadiya anawaitanitsa ku bungwe la tchalitchi, ati akulimbikitsa zachikunja. ANambewe anaima pamaso pa amuna khumi ndi awiri. “Ine sindinanene kuti mdulo ulipo, sindinanene kuti kulibe. Sindinaphunzire. Ndangowabwereka dzanja kuti mwana amwe.” Anawaweruza kuti akhale kumbuyo miyezi itatu osalandira masakramenti. Anakhala, osadandaula, ndipo mchere sanasiye kuthira.

Chimene ankachiopa chinafika mu 1997. Mwana wina amene anabwera naye mochedwa anafera pamiyendo pawo. Achinyamata anagenda nyumba yawo masana dzuwa likuswa mtengo, akufuula dzina lija. M'tchalitchi benchi yawo inkakhala yopanda munthu, ndipo ena mwa amene anasuntha akuwerenga nkhani ino. ANambewe anawonda, ankadzidzimuka chitseko chikagogodwa. Komabe ankatsegula, chifukwa kawirikawiri wogogodayo ankakhala mayi ndi mwana kumsana.

Chaka chino anadwala, manja anayamba kugwedezeka osagwira kanthu. Loweruka lapitali masana, atalandira kudzoza kwa odwala, kunafika mtsikana wa ku Kasakula ndi khanda lotsegula m'mimba. Amene ankawadwazika anafuna kumubweza, koma iwo anati alowe. Anayesa kutapa mchere, unatayikira pamphasa. Anayesanso, unatayikanso.

“Bwera kuno, mwana wanga. Utape ndiwe.”

“Agogo, ine ndine wotentha. Ndimupha.”

“Inenso ndinkaopa tsiku lililonse. Bweretsa mkono, ndiugwire.”

Anagwira mkono wa mtsikanayo, iye natapa ndi zala zake, nathira, akulira. Anamumwetsa mwana pomwepo mpaka anayamba kuyamwa. ANambewe anayang'ana, napempha kuti awatembenuzire kukhoma. Lamulungu m'mawa, belu la Misa likulira, anapuma komaliza mwakachetechete, kolona ili pachifuwa.

Khandalo lili moyo. Mayi wake akuyenda m'midzi kuuza anzake kuti anathira yekha ndipo mwana sanatupe. Ena akumukhulupirira, ena akuti adikire aone. Ambuye awapatse aNambewe mpumulo wosatha, kumene kulibe wowagenda.