Kabati ya Amayi Atelala

Amayi atelala a pakona paja amasoka akuyimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi, mapini ali pakamwa. Anapita padera kanayi, kenako mimba zinangosiya kubwera. Komabe khanda lililonse la mumpingo limabatizidwa litavala kamalaya kosoka iwo. Ukawafunsa amangoti, "Ambuye sanandipatse wobereka kumsana, koma manja anandipatsa."

Tsiku lina mayi wachitsikana anabweza kamalaya kamene anasoketseratu, maso ali ofiira.

"Amayi, sikavalidwanso aka. Ndapita padera."

Iwo sanathamangire kumuwerengera vesi. Anatsegula kabati, mmene munali timalaya tinayi topinda bwino, n'kuika kachisanu pamwamba pake.

"Khala pansi, mwanangu, tilire kaye. Wakoyo sali yekha kwa Yesu. Anga amulandira kale."