Chijasi cha Malume

Malume anga anagwira ntchito ya ulonda pa nyumba yosungiramo katundu mpaka tsitsi linachita mbuu. Atapuma pa ntchito, mayi anawatenga kuti azikhala nafe, n'kuwagulira bedi ndi matiresi. Pabedipo sanagonepo.

"Bedi ndi la anthu amene ali ndi wowalondera," ankatero.

Tulo tawo tinali ta pampando, toduladula, atavala nsapato ndi chijasi chawo cha kuntchito. Chijasicho! Chinali cholemera ngati chikopa chonyowa, kolala ili bii ndi thukuta, chikununkha utsi wa matayala, palafini ndi fodya. M'matumba munali nyenyeswa za buledi, ndipo mphemvu zinkadziwa njira. Usiku ankangopapira tiyi wakuda wa m'fulasiki monga ankachitira kuntchito, choncho pansi pa mpando pankakhala chitini chokodzeramo. Wokataya m'mawa ndinali ine. Ndinkalowa m'chipindamo nditatseka mphuno, osanena kanthu.

Mayi ndiwo ankanena.

"Achimwene, mukulondera chiyani muno? Mbale zangazi?"

"Zimenezo ngakhale wakuba angabweze, achemwali."

Tsiku lina malume ali kubafa, mayi ananyamula chijasicho ndi nsonga za zala n'kukachiponya kudzala. Pampando anaikapo juzi yatsopano. Malume anayang'ana juziyo, anayang'ana mayi.

Kuyambira pamenepo ngakhale tulo toduladula tija tinathawa. Maso anafiira, manja anayamba kunjenjemera, chakudya ankangochigwiragwira. Kenako anagwa pakhomo n'kung'ambika pachipumi. Kuchipatala namwino anawasoka, anawayeza, n'kutiuza mosabisa kuti magazi akuthamanga kwambiri, ndipo akapitiriza kusagona tidzawatola atafa ziwalo. Anati asiye tiyi wa madzulo, masana aziyendako.

"Ndi ukalamba basi," anatero mayi tikubwerera. Za chijasi sanatchule.

M'mawa mwake ndinatenga ndodo n'kupita kudzala. Ntchentche zinanyamuka ng'waa. Ndinafukula makoko owola, nthenga za nkhuku ndi matewera a mwana wa aneba, mpaka ndinaona batani lachitsulo. Nditakoka chijasicho, mphutsi zinayoyoka m'mikono ngati mpunga. Ndinasanza pomwepo. Nditapukuta pakamwa ndinachikoloweka pa ndodo.

Ndinachiviika m'madzi otentha, madziwo anada ngati a m'ngalande. Ndinataya, ndinathira ena, mpaka sopo wa mayi anatha ndipo zala zanga zinatuwa. Pachingwe chinatenga masiku kuti chiume.

Nditapita nacho, malume anachinunkhiza kolala.

"Iwe mtsikana, wachipha. Chikununkha ngati mphunzitsi."

Koma anavala. Anamanga mabatani mpaka m'khosi, anakhala pampando, anapinda manja. Ndisanamalize kusesa, chibwano chinali chitagwera pachifuwa, mkonono uli pakati, dovu likutsikira pa kolala yomwe ndinaivutikira ija.

Mayi anasuzumira pakhomo. Anaima kanthawi, kenako anakoka chitseko pang'onopang'ono kuti chisalire.

"Chikadzayambanso kununkha, wochapa ndiwe," anandinong'oneza.

Masiku ano malume amagonako, pampando pomwepo, ndipo manja anasiya kunjenjemera. Bedi lija timaunjikapo zovala. Tiyi anangochepetsa, sanasiye, moti chitini chija chimandidikirabe m'mawa uliwonse, chofunda, chodzaza mpaka m'milomo.