Gadiyani wanga anali Abiti Juma

Chifuwa chinayamba kumapeto kwa Epulo, chimanga chitauma m'minda. Sichinkatulutsa makhololo, ndiye ndinkati ndi fumbi la pokolola. Apa n'kuti nditatha miyezi isanu ndi itatu m'mudzi wina wa Ayao kupitirira Malosa, kumene mpingo wathu wa ku Sadzi unanditumiza. Ndinali wachinyamata woyamba kutumizidwa ndi mpingowu. Ntchito yanga inali kuphunzira Chiyao, kuphunzitsa amayi kuwerenga, ndi kufotokoza nkhani za m'Baibulo kwa aliyense wondifunsa. Ndinkakhala kwa mayi wina wamasiye wachisilamu, Abiti Juma, amene anavomera kundisunga pakhomo pawo.

Pofika pakati pa Meyi ndinayamba kudzuka zovala zitanyowa ndi thukuta, kunja kukuzizira. Siketi zinayamba kundikhwepa. Pochokera kumjigo ndinkatula ndowa kawiri panjira kuti ndipume. Zonsezi ndinkaziona, koma sindinauze munthu. Makolo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, ndipo agogo amene anandilera anali ndi mavuto awo okwanira. Ndinazolowera ndili mwana kusawonjezerapo anga.

Panalinso chifukwa china. Ndisanatumizidwe, akulu ampingo anakangana kwa miyezi ingapo. A Namakhwa, mmodzi wa iwo, ananena poyera kuti kutumiza mtsikana kwa anthu a chinenero china ndi chipembedzo china n'kutaya mwana. Pomaliza anagwirizana zoyesera pa ine: zikayenda bwino, achinyamata ena awiri adzatsatira. Ndinadziwa kuti ndikangoti ndikudwala andiitanitsa, ndipo awiriwo sadzapita. Choncho abusa akati andiimbire foni Lamlungu masana, ndinkayamba ndamwa madzi ofunda kuti ndisatsokomole, n'kuwayankha kuti zonse zili bwino.

Abiti Juma anandifunsa katatu ngati ndikudwala, ine ndikukana. Lachiwiri lina mu Juni ndinagwa pamjigo. Tsiku limenelo sanafunsenso. Anamanga mapoto awiri, mbale ndi ufa m'chitenje, n'kundikweza minibasi. Kuchipatala chaching'ono anangondimvetsera m'chifuwa, n'kutilembera kalata ya kuchipatala chachikulu m'tauni ya Zomba.

Tinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Anandipatsa kabotolo ka makhololo, nandijambula m'chifuwa. Mawa lake dokotala anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anati, "Muli ndi chifuwa chachikulu, ndipo mbali ya kumanjayi yadzaza madzi. Miyezi iwiri yonseyi munali kuti?" Madzulo ake anandibaya pakati pa nthiti, ndipo madzi achikasu anatuluka mpaka kudzaza botolo. Ndinaona ndi maso anga chimene ndinakhala ndikuchibisa, ndipo ndinapuma mpweya wokwanira koyamba m'milungu yambiri.

Amene anagonekedwapo akudziwa kuti m'chipatala wodwala amadalira gadiyani, wachibale womudikirira, womuphikira ndi kumuchapira. Namwino polemba dzina langa anafunsa, "Gadiyani wanu ndani?" Ndinaganiza za agogo ku Sadzi, miyendo yawo yotupa imene sinkawafikitsa ngakhale kutchalitchi. Ndisanatsegule pakamwa, Abiti Juma anati, "Ndine." Namwino anayang'ana mpango wawo, nayang'ana Baibulo langa pabedi. "Ndinu mayi ake?" Iwo anati, "Lembani choncho."

Ndinagona m'wodi milungu itatu. M'mawa uliwonse tinkamwa mapiritsi tisanadye kanthu. Mkodzo unafiira, ndipo namwino anati ndisaope, ndi mankhwalawo. Lolemba lililonse ankatiyeza pasikelo. Kupatula zimenezi, ntchito inali kudikira: kudikira dokotala, kudikira nthawi yoonera odwala. Bedi langa linali pawindo loyang'ana phiri la Zomba. Ndinkaonerera chifunga chikutsika m'mitengo ya paini mpaka phiri lonse kubisika, kenako n'kuonekeranso lili pomwepo.

Unali mwezi wa Ramadani. Abiti Juma sankadya kapena kumwa madzi kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, koma ankandiphikira katatu pa tsiku kukhitchini ya magadiyani, muutsi wa nkhuni. Poti sakanatha kulawa, anapangana ndi mayi wina wa ku Mbedza, wa Katolika, amene ankadwazika mwana wake, kuti aziwalawira mchere. Phala lililonse lotendera limene ndinamwa linadutsa m'manja mwa Msilamu ndi pa lilime la Mkatolika lisanafike kwa ine. Ndikakana kudya ankagwira supuni pakamwa panga osaichotsa, milomo yawo itauma gwa. Ine ndinatumidwa kukawauza za chikondi cha Mulungu. Ndili pabedipo ndinkangowayang'ana, mantha aulemu atandigwira, osadziwa kuti wotumidwa kwa mnzake ndani.

Lamlungu lachiwiri kunabwera akulu ampingo atatu, a Namakhwa ali patsogolo. Ndinali nditamva kale kuti agamula zoti sadzatumizanso wachinyamata. Anapeza Abiti Juma akundipukuta mapazi ndi kansalu konyowa.

"Dorika, mayi awa ndi abale ako a kuti?" anafunsa a Namakhwa.

Anayankha ndi eni ake, m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chiyao. "Ndine amene munandisungitsa mwana, bambo. Munandipatsa wamoyo, ndikubwezerani wamoyo. Koma mwana wanuyu munamutumiza ndi buku, pakamwa munamuiwalira kwanu konko. Kodi kutchalitchi kwanu kudwala ndi tchimo?"

A Namakhwa anaseka pang'ono, kenako anasiya. Anandifunsa chifukwa chimene ndinabisira matenda, ndipo ndinawauza zoona, kuti ndinkaopa mawu awo aja. Potsanzika anapempha Abiti Juma ngati angalole kuti apemphere. Iwo anati, "Pempherani, koma mwachidule, phala lizizira."

Kubisa kwanga kunavutitsanso ena. Onse a pakhomo pa Abiti Juma anayenera kukayezedwa, ndipo zidzukulu zawo ziwiri zazing'ono zinamwa mankhwala oteteza kwa miyezi. Palibe anapezeka ndi matendawa, koma mpaka lero ndikaganiza za ana amenewo ndimachita manyazi.

Nditatuluka ndinakhala kwa agogo ku Sadzi, ndikumwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa tsiku. Mu Disembala anandiyezanso n'kundiuza kuti ndachira. Tsopano ndimasenza ndowa kuchokera kumjigo osatula, kungoti kukazizira m'nthiti mwa kumanja mumalasa pang'ono. Pamsonkhano wa akulu ampingo, amene anaimirira kunena kuti achinyamata awiri aja apite anali a Namakhwa. Mmodzi ali pakati pa Asena kuchigwa, wina anawoloka malire kupita ku Mozambique. Ine ndinabwerera kumudzi kuja. Abiti Juma ndi Msilamu mpaka lero, ndipo amawerenga okha makalata a kuchipatala.

Kwa mipingo ndikuti, musaleke kutumiza achinyamata chifukwa choti ine ndinadwala. Matenda akanandipezanso ku Sadzi, koma zimene ndinaona m'wodi muja sindikanaziona ndili pakati pa anthu akwathu okhaokha. Atumizeni, ndipo muwauze momveka kuti akadwala anene, sawerengedwa olephera. Kwa aliyense amene watsokomola milungu iwiri, kapena akuonda ndi kutuluka thukuta pogona, pitani kuchipatala musanagwe pamjigo ngati ine.

Masiku ano abusa akaimba foni Lamlungu masana, ndimawapatsa moni n'kuwauza za ntchito. Akafika pa funso la thanzi langa, salolanso kumva kwa ine. Amati, "Tapatsira mayi ako."