Mtanda pa Bokosi la Fanuwelo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mvula. Ndinkachokera ku esiteti ya tiyi komwe anandiuza kuti malo atha, ndiye mvula itandipeza pa Chonde ndinathawira m'shedi ya kalipentala. Mwini wake, a Muhiwa, ankavutika kutembenuza thabwa lalitali ali okha. Ndinagwira mbali inayo osafunsa. Mvula itakata anati, "Mawa mubwere, manja muli nawo."

Tinkakhoma mabokosi amaliro. Anandiphunzitsa kuyeza ndi tepi, kulemba mzere ndi sikweya, kudula ndi sowo osapotoza, kenako kupala ndi randa motsata mitsempha ya thabwa la paini. Tikalumikiza ndi guluu ndi misomali, tinkakwecha ndi sandipepa, kupaka vanishi, kuyala nsalu yoyera mkati, pomaliza n'kumanga zogwirira.

A Muhiwa anali mkulu wa mpingo ku Mishoni, ine ndinkapemphera ku mpingo wa chipentekoste. Pa nkhani ya chipulumutso sitinkamvana. Iwo ankati Mulungu ndiye amasankha, ndiye amayamba, ndipo munthu payekha sangatembenuke. Ine ndinkati Mulungu amaitana aliyense, koma kuvomera kapena kukana n'kwa munthu mwini. Tinkatsutsana uku randa ikuyenda, tikatopa n'kuseka, n'kugawana chinanazi. Ndinkasangalala nawo masiku amenewo.

Tsiku lovuta linafika m'mawa wina wa chiperoni, phiri lonse litabisala. Kunabwera mayi wina wa ku Chinakanaka pamodzi ndi achimwene awo. Mwana wa mayiyo, Fanuwelo, anali wa kabaza. Galimoto inamugunda, anagona m'chipatala osalankhula mpaka kumwalira. Atasankha bokosi, mayiyo anapempha motsitsa mawu kuti tikhomepo mtanda pa chivundikiro.

"Ayi," anatero achimwene awo aja. "Ine ndine malume ake. Mwanayu anasiya tchalitchi, ankamwa, ndinamulangiza mpaka pakamwa kuuma. Anakana yekha. Tisanamize anthu ndi mtanda."

"Achimwene, m'chipatala muja ndikupemphera anandifinya dzanja," anatero mayiyo.

"Kufinya dzanja si kulapa, chemwali."

Mayiyo anakhala pansi, pa utuchi, n'kuyamba kulira. Ine ndinaima ndi hamala m'manja, osadziwa kolowera. Zomwe malumewo ankanena zinali zomwe ine ndinkanena tsiku ndi tsiku m'shedi momwemo, koma ndinali ndisanazimvepo zikunenedwa pamaso pa mayi woferedwa. Ndinkaopanso kuti abwana anga angoyankha kuti ngati anali wosankhidwa wapulumuka, ngati sanali ndiye basi. Mawu amenewonso akanamupweteka mayiyo chimodzimodzi.

A Muhiwa anapukuta manja, n'kuwakokera malumewo benchi.

"Bambo, mukunena zoona, munthu amayankha yekha pamaso pa Mulungu," anatero. "Koma yankho lake lomaliza munalimva inuyo? Ine sindinalimve. Mulungu amatha kulankhula ndi munthu amene madokotala alephera kumudzutsa. Sindikuti mwanayu wapulumuka, sindikutinso watayika. Mtanda si chikalata cholowera kumwamba. Umangosonyeza komwe mayi ake akuyang'ana."

Malumewo anakhala pa benchipo, akuyang'ana chipewa chawo. Kenako anati, "Ndinamulera ndine mwana ameneyu. Njinga ija ndinamugulira ndine." Apo m'pamene ndinazindikira kuti sikunali kuuma mtima. Anali ndi mantha, ndipo ankaona ngati iwo ndi amene analephera.

A Muhiwa ananditsinzinira diso kuti ndipange mtandawo. Ndinadula timatabwa tiwiri, n'kusema pakati ndi tchizulo kuti tilowane bwino, n'kukwecha mpaka kusalala. Pomwe ndinkafuna kukhoma, malumewo ananyamuka n'kudzagwira mtandawo ndi manja awo kuti usasunthe. "Ukhale pakati penipeni," anatero. Ndinakhoma pang'onopang'ono kuopa kuwamenya chala.

Galimoto itanyamula bokosi, ndinawafunsa a Muhiwa ngati asintha maganizo, poti anavomera kuti munthu amayankha yekha. Anaseka. "Sindinasinthe. Nanga inu, bwanji simunakane kuti Mulungu angamufikire munthu wokomoka?" Kenako tinabwerera ku matabwa athu.

Pano ndili ndi shedi yangayanga, ndipo ndimakhulupirirabe kuti munthu ayenera kuvomera yekha. A Muhiwa anamwalira akukhulupirira zawo, ndipo bokosi lawo ndinakhoma ndine. Nkhani ya chipulumutsoyi ndimaikambabe mokoma ndi anzanga amoyo, amene angathe kundiyankha. Koma wina akabwera kudzagula bokosi n'kundifunsa komwe m'bale wake wapita, ndimamuuza kuti ine ndinangopatsidwa muyeso wa thupi. Zinazo anasunga Mwini wake, ndipo ndimam'khulupirira kuposa mmene ndimadzikhulupirira ndekha.