Kakapu kobenthuka

Nthawi inali itangokwana 6 koloko m'mawa wa Loweruka, koma nsalu za pagome la Mgonero zinali kale pachingwe, zikudontha. A Makapu anali atawerama pabeseni, akutsuka timakapu tagalasi kamodzikamodzi ndi chala chokulunga kansanza, poti dzanja lonse sililowamo.

Dzinalo anawapatsa ndi a mumpingo. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Mgonero ukayandikira, iwo ndiwo ankanyamula timakaputo kupita nato kunyumba, kutsuka, kupukuta, kusita nsalu, n'kubweza zonse dzuwa lisanalowe. Palibe anawasankha. Mayi amene ankagwira ntchitoyi kale atadwala, iwo anati agwirizire mwezi umodzi, ndipo mwezi umenewo sunathebe. Pa zolengeza ankathokoza oimba, ankathokoza amene anapereka matabwa a mabenchi. Timakapu tinkakhala ngati timadzitsuka tokha.

Sizinkawapweteka kwenikweni, kufikira pamene Mzime anabwera.

Mzime anali mng'ono wawo. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo anathawa ndi mwamuna wa mwini, n'kusiya mwana wa zaka zitatu komanso mayi awo owabala, amene anali atafa ziwalo mbali imodzi. A Makapu ndiwo ankatembenuza mayiwo pabedi, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, mpaka tsiku lowatseka maso. Mwanayo anamulera ngati wawo. Mzime ngakhale kumaliro sanaoneke. Anangotulukira miyezi itatu yapitayo, ataonda, kachikwama kali kukhwapa, n'kugwada pakhomo. Anamupatsa chipinda cha malemu mayi. Akanatani?

Kutchalitchi ndiye kunali nkhani. Mzime anaima kutsogolo n'kuulula zonse, amayi analira mpaka mipango kunyowa, ndipo abusa analalikira kuti chisomo si malipiro. Anati Mulungu sachipereka kwa amene wakhetsa thukuta lambiri, amachipereka kwa wochimwa amene watambasula manja opanda kanthu. Mpingo unati ameni. A Makapu, ataima kumbuyo pafupi ndi chitseko, pamalo awo a masiku onse, anayang'ana manja awo ong'aluka ndi sopo. Opanda kanthu? Awowo sanakhalepo opanda kanthu. Akapanda kugwira beseni ankagwira simbi yositira.

Kuchokera apo amayi a mumpingo sankatha phazi kunyumbako. Wina nsapato, wina diresi, zonse za Mzime. Tiyi wa alendowo ankaphika ndi a Makapu, makapu akenso n'kutsuka okha.

Tsopano mawa lake Mzime ankabwezeretsedwa ku Mgonero.

Pa timakapu tonse panali kamodzi kobenthuka pamlomo. Kukataya sizikanatheka, chifukwa tinali tokwanira ndendende. Choncho a Makapu ankakaika m'bowo lomaliza la thireyi lomaliza, limene limafika kumbuyo anthu onse atalandira, n'kumweramo okha atakatembenuza kuti kasawacheke. Palibe ankadziwa.

Masana amenewo, m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, anayamba kusanja timakapu m'mathireyi. Obwezeretsedwa amakhala pabenchi lakutsogolo, ndipo ndiwo amayamba kutenga. A Makapu anakagwira kobenthuka kaja, anakayang'ana nthawi yaitali, kenaka anakalowetsa m'bowo loyamba la thireyi loyamba.

"Achemwali, mwaiwala kansalu kovundikira."

Anali Mzime, ataima pakhomo.

"Ika apo. Ndipo usagwire kanthu, manja akowo ndimawadziwa."

Koma Mzime anali atasuzumira kale. "Aka n'kobenthuka."

"Maso ndili nawo."

"Nanga mwakaika poyambirira bwanji? Woyamba kutenga mawa si ine?"

A Makapu anapitiriza kupukuta thireyi louma kale.

Mzime anaseka pang'ono, kuseka kopanda mkwiyo. "Palibe kanthu, n'kondiyenera. Koma masiku onsewa amamweramo ndani?"

"Ine."

"Zaka zonsezi?"

"Ukanakhalapo ukanadziwa."

"Ndiye pumulani, achemwali. Kuyambira mawa n'kanga."

A Makapu anakatsomphola m'bowomo mpaka timakapu tina kulira. "Ayi! Chipinda cha amayi watenga. Mwana amene ndinamupukuta mamina ine akukutchula iwe amayi. Misozi ya mpingo wonse watenga. Ndi aka komwe?"

Mawu awo anamveka mpaka m'tchalitchi mopanda anthumo, ndipo anachita nawo manyazi. Anayang'ana m'dzanja mwawo. Kanthu kosweka, koti wina akanakataya kalekale, iwo anali atakafumbata ngati mendulo. Mphindi zochepa zapitazo ankafuna kuti kacheke mlomo wa mng'ono wawo pa gome la Ambuye, ndipo tsopano ankakaniza.

"Ine sindinalande," anatero Mzime motsitsa mawu. "Ndinangopatsidwa, ndipo ndikudziwa kuti sizondiyenera. Koma inuyo angakupatseni kanthu ndani? Munthu akabwera nako amapeza manja ali m'beseni."

"Pakamwa pokha ndiye sunasinthe."

"Abusa anati zina zimasintha pang'onopang'ono."

A Makapu sanaseke. Anaika kabwino m'bowo loyamba, kobenthuka n'kukabweza kumalo ake akale, anavundikira, n'kukhoma chitseko. Pobwerera iwo anali patsogolo, Mzime pambuyo. Mumtima munkawirabe. Zinkawawawa kuti mng'ono wawo wothawa uja wanena zoona, ndipo zinkawawawa koposa kuti wazinena mosavutikira, monga mmene zinthu zonse zinkamuyendera.

Atafika pampanda sanalowe kwawo. Anakhotera kwa aneba awo, mayi wosoka zovala wa mumpingo womwewo, amene anali pakhonde akupalasa makina.

"Aneba, mawa mukaime pachitseko paja m'malo mwanga. Mukatolere mathireyi."

Makina anaima. "Mwadwala?"

"Sindinadwale. Ndikufuna ndikakhale pabenchi lakutsogolo."

"Pambali pa Mzime? Ee, ndiye mwagwirizana!"

"Sindinatero ayi. Ndikungofuna ndikaone chimene amachiona kumeneko anthu ongolandira." Anapukuta manja pansalu yawo ngakhale anali ouma. "Kakapu komaliza n'kobenthuka. Mukakatembenuze musanamwe."

"Mayi inu! Zaka zonsezi osanena?"

"Ndanena lero. Ndipo mukatha, chonde, timakaputo mukatsuke ndinu, ulendo uno wokha. Muzilowetsa chala, osati dzanja."