Kadzidzi wa Mumtengo wa Mango

Chaka chimene amuna anga anadwala sitiroko, mtedza wathu unagona pakhonde osaswa mpaka Ogasiti. Manja anandichepera. M'mawa kuwasambitsa, masana kuwamwetsa phala, tsiku lina kukwera nawo minibasi kuchoka ku Sinda kupita kuchipatala ku Katete. Makoswe anaona mwayi, n'kusamukira kwathu ndi mabanja awo omwe.

Kenako kunabwera kadzidzi, n'kumakhala mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba.

Alamu anga, achimwene awo a amuna anga, sanachedwe kufika. "Mlamu, mbalame iyi yanunkhiza maliro. Tiiphe isanatitengere munthu."

Ine ndinaphunzitsa sayansi kupulayimale mpaka kupuma, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Ndinawatengera pansi pa mtengowo n'kuwaonetsa timibulu timene kadzidzi amasanza, ubweya wokhawokha ndi tizigaza ta makoswe.

"Alamu, kadzidzi satsata imfa, amatsata makoswe. Pakhomo pa wodwala palibe wosesa, palibe woswa mtedza, ndiye makoswe amaswana. Ameneyu akundilondera mbewu yodzala chaka chino."

"Ndiye mwavomera nokha kuti amabwera pa wodwala," anatero.

Ndinafotokozeranso azimayi anzanga akutchalitchi atabwera kudzazonda matenda. Anavomera ndi mitu, koma atatuluka anakanena kuti aphunzitsi akukonda mbalame kuposa mwamuna. Mawu amenewo anandilasa. Ine amene ndinkachapa zofunda za amuna angawo tsiku ndi tsiku! Kuyambira pamenepo ndinaleka kufotokoza. Ndinali nditatopa ndi matenda, nditatopa ndi anthu.

Lamulungu lina titaweruka kumapemphero, alamu anabwera ndi legeni. Ndinali m'nyumba kutembenuza amuna anga pamatiresi. Ndinamva chinthu chikugwa pansi kuti phi, koma sindinatuluke.

Amuna anga anatisiya mvula isanagwe. Ndili m'nyumba ya siwa ndinamva alamu akuuza azibambo panja kuti, "Tinachedwa kuipha." Namfedwa sachita makani pamaliro a mwamuna wake.

Mvula yoyamba itagwa ndinakamasula matumba a mtedza wa mbewu uja. Ndinapisa dzanja mpaka pansi, munali makoko okhaokha ndi timanyi ta makoswe. Ndinakhala pakhonde n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamaliro. Munda umene tinkalima awiri unamera udzu chaka chonsecho.